Mlandu Suwola, Koma Mwini Mlandu Amakalamba

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu, ndapempha malo m'magazini athu a chaka chino kuti ndikambe nkhani imene poiona msanga ioneka ngati ya eni chuma okhaokha, koma ine ndikhulupirira kuti itikhudza tonse. Nkhaniyo ndi iyi. Kampani yaimbidwa mlandu, ndipo bwalo loyamba laigamula. Mbali imene yagonja siikhutira, tsono ichita apilo ku bwalo lalikulu. Pamene onse ali kudikira chigamulo cha apiloyo, mbali imodzi iuza inzake kuti, "Tiyeni tileke kukokanakokana. Landirani ndalama zakutizakuti, mlandu uthere pompano." Nanga wanzeru achite chiyani? Alandire zochepa zimene zaikidwa pamaso pake lero, kapena adikire zambiri zimene kaya zidzabwera kaya sizidzabwera?

Makolo athu anatisiyira mawu a mbali zonse ziwiri. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Komanso anati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Chotero miyambi yokha siingatiweruzire nkhaniyi, tiyenera kuyang'ana zimene zinachitikadi. Maganizo anga ndi akuti kawirikawiri kumvana kuposa kudikira, makamaka kwa iye amene alibe mphamvu zopirira zaka zambiri, pakuti nthawi nayo ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo sulingana kwa wolemera ndi wosauka. Ndipereka milandu itatu yeniyeni kuti muweruze nokha ngati ndanena zoona.

Mlandu woyamba unachitika ku America, pakati pa makampani awiri a mafuta, Pennzoil ndi Texaco. Kuchiyambi kwa Januwale 1984, Pennzoil inamvana ndi akuluakulu a kampani ina, Getty Oil, kuti igule gawo lalikulu la kampaniyo pa mtengo wa $112.50 sheya iliyonse. Anagwirana chanza, nalengeza nkhaniyo kwa atolankhani, koma kalata yeniyeni ya pangano inali isanasainidwe. Patangopita masiku owerengeka, Texaco, imene inali yaikulu kutalitali kuposa Pennzoil, inafika ndi mtengo wokwera, $125 ndipo pambuyo pake $128, nigula Getty Oil yonse ndi ndalama pafupifupi $10 biliyoni. Pennzoil inaona kuti yalandidwa nyama pakamwa. Inakasuma ku Houston, m'chigawo cha Texas, niti Texaco yalowerera ndi kuphwanya pangano la eni ake.

Mlanduwo unamvedwa miyezi yoposa inayi. Pa 19 Novembala 1985, anthu wamba 12 amene anasankhidwa kuti aweruze, monga mwa mwambo wa mabwalo a kumeneko, anagamula kuti Texaco ilipe $7.53 biliyoni chifukwa cha zimene Pennzoil inataya, ndi $3 biliyoni ya chilango. Zonse pamodzi zinakwana $10.53 biliyoni. Kufikira tsiku limenelo, panalibe bwalo la ku America limene linagamulapo chipukutamisozi chachikulu chotero. Munthu akanaganiza kuti Pennzoil yatha ntchito, kwatsala n'kukatenga ndalama zokha. Komatu ayi, ulendo unali utangoyamba.

Texaco inachita apilo. Mu Febuluwale 1987 bwalo la apilo la ku Texas linachotsako $2 biliyoni pa ndalama za chilango, koma zina zonse linazisiya, ndipo pophatikiza ndi chiwongoladzanja ngongoleyo inali ikadapitirira $10 biliyoni. Panalinso vuto lina. Lamulo la ku Texas linkafuna kuti wochita apilo ayambe waika chikole cholingana ndi ndalama zonse zimene wagamulidwa. Texaco inali itapeza woweruza wina ku New York amene anatsitsa chikolecho kufika pa $1 biliyoni, koma pa 6 Epulo 1987 bwalo lalikulu kopambana la dzikolo, la ku Washington, linafafaniza chithandizo chimenecho. Apa Texaco inapanikizika. Inauza Pennzoil kuti ilandire $2 biliyoni, mlandu uthe. Mkulu wa Pennzoil, bambo Hugh Liedtke, anakana, nati afuna $4.1 biliyoni. Pa 12 Epulo Texaco inadzipereka m'manja mwa bwalo loona za makampani olephera kubweza ngongole, kuti chuma chake chisagwidwe.

Taonani tsono chimene chinachitikira wopambana uja. Pennzoil, ndi chigamulo chake chachikulu m'manja, inasanduka mmodzi wa ambiri oima pa mzere kudikira kuti Texaco iwabwezere zawo. Mtengo wa masheya a makampani onse awiri unatsika, ndipo eni masheya a Texaco analeka kulandira phindu lawo. Mu Novembala 1987 bwalo lalikulu la chigawo cha Texas linakana kumva apilo ya Texaco, kotero kuti khomo linatsala limodzi lokha, la ku Washington kuja. Mbali zonse ziwiri zinayang'ana khomo limenelo, ndipo zonse zinachita nalo mantha. Mu Disembala 1987 zinamvana pa $3 biliyoni, ndipo ndalamazo zinaperekedwa mu Epulo 1988.

Anzanga okonda masamu adzafunsa kuti: bwanji munthu wagamulidwa 10 n'kulandira 3? Adzati, tiyerekeze kuti mwayi wopambana pa apilo unali theka. Theka la 10 ndi 5. Ndipo 5 aposa 3. Chifukwa chake anayenera kudikira. Masamuwo ngolondola pa bolodi, koma aiwala kanthu kamodzi. Pa tsiku la chigamulo palibe amene akanapatsa Pennzoil 5. Ikanalandira 10, kapena ikanabwerako chimanjamanja. Masamu a theka athandiza munthu amene ali ndi milandu zana, pakuti ina adzapambana, ina adzagonja, ndipo pamapeto zidzalingana. Koma amene ali ndi mlandu umodzi wokha, woti sudzabweranso moyo wake wonse, sangadye theka la mwayi. Ndiponso 10 uja anali wa pa pepala, wochokera kwa kampani imene inali kale m'manja mwa bwalo la ngongole, pamene 3 anali ndalama zenizeni zolowa m'banki.

Texaco nayo inali ndi mantha ake. Ikanatha kupambana ku Washington n'kusalipa kanthu. Koma bwalolo likanangokana kumva nkhaniyo, monga likanira milandu yambiri imene ibwera kwa ilo, ngongole yonse ikanaigwera pamutu. N'chifukwa chake eni masheya ake, pamodzi ndi bambo Carl Icahn amene anali atagula masheya ambiri, anakakamiza akuluakulu a kampaniyo kuti amvane ndi mdani wawo. Onani kuti sindinena kuti munthu azilandira chilichonse chimene aponyeredwa poyamba. Bambo Liedtke anakana 2, napeza 3 patapita miyezi isanu ndi itatu. Anadekha, inde, koma anadziwanso polekera. Anatonola chimanga chitapsa, moto usanachisandutse makala.

Wina adzati, kodi palibe amene anapindulapo ndi kudikira apilo kufikira mapeto? Alipo ndithu, ndipo ndiye mlandu wanga wachiwiri, wa ku America komweko. Pa 24 Malichi 1989 sitima yapamadzi yonyamula mafuta, dzina lake Exxon Valdez, inagunda miyala ku Alaska, ndipo mafuta anatayikira m'nyanja, naononga nsomba, mbalame ndi magombe. Asodzi, eni malo ndi anthu a mitundu ya kumeneko, onse pamodzi oposa 32,000, anasumira kampani ya Exxon. Mu 1994 bwalo la ku Anchorage linagamula kuti kampaniyo ilipe $5 biliyoni ya chilango. Exxon inachita apilo, nibwerezabwereza, chaka ndi chaka. Mu 2006 ndalamazo zinatsitsidwa kufika pa $2.5 biliyoni, ndipo mu Juni 2008 bwalo la ku Washington linazitsitsanso kufika pa $507.5 miliyoni, ndiko kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a zoyamba zija.

Kudikira kunaipindulira Exxon, sindikana. Koma tifunse kuti anadikira ndani, ndipo anadikira ali pati. Kampaniyo inadikira iku ikugulitsa mafuta ndi kupeza phindu tsiku ndi tsiku; maloya ake ankalandira malipiro awo mwezi ndi mwezi; mkulu wina akapuma pa ntchito, wina ankalowa m'malo mwake. Msodzi anadikira ali ndi ngongole ya bwato lake, ana ofuna sukulu, ndi thupi limene linali kukalamba. Kuchokera tsiku la ngozi kufikira chigamulo chomaliza panapita zaka 19, ndipo odandaula zikwi zingapo anamwalira asanamve mapeto ake. Kampani ilibe imvi, siidwala nyamakazi, siigona ndi njala. Kunena kuti mbali zonse ziwiri zinadikira mofanana kuli ngati kunena kuti wokwera njinga ndi wosenza mtolo ayenda ulendo umodzi chifukwa msewu ndi womwewo.

Mlandu wachitatu uli pafupi ndi ife, pakuti ambiri a ife tili ndi agogo kapena amalume amene anapita ku Joni pa Wenela, ndipo pambuyo pake pa TEBA, kukakumba golide. M'migodi imeneyo muli fumbi la miyala losaoneka bwino ndi maso. Likalowa m'mapapo silitulukanso. Liumitsa mapapo pang'onopang'ono, munthu nayamba kubanika, ndipo chifuwa chachikulu chimugwira msanga. Madokotala atcha nthendayi silikosisi, ndipo ilibe mankhwala ochiza. Ambiri anabwerera kwawo ndi masutikesi, zipewa ndi mawailesi, osadziwa kuti anyamulanso nthenda m'chifuwa.

Mu 2006 munthu wina wa ku South Africa amene anagwirapo ntchito m'migodi, bambo Thembekile Mankayi, anasumira kampani ya AngloGold Ashanti. Bwalo loyamba linamukana, bwalo la apilo linamukananso, ponena kuti lamulo silimulola kusumira bwana wake. Iye sanafooke. Pa 3 Malichi 2011 bwalo loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti ogwira ntchito m'migodi ali nawo ufulu wosumira makampani awo. Koma mwini wake sanamve mawu amenewo, pakuti anali atamwalira masiku owerengeka chigamulocho chisanawerengedwe.

Khomo litatseguka chotero, maloya anasonkhanitsa odwala ambiri. Pa 13 Meyi 2016 bwalo lalikulu la ku Johannesburg linalola kuti onse asume pamodzi ngati gulu limodzi, ndipo linanenanso kuti wodandaula akamwalira mlandu uli m'kati, zimene akanalandira zipite kwa a m'banja lake. Oweruzawo anadziwa kuti imfa siidikira bwalo. Makampani anachita apilo, ndipo apiloyo inayenera kumvedwa ku Bloemfontein mu Malichi 2018. Apa ndi pamene funso lathu linaima poyera. Chigamulo cha 2016 chija chinali chilolezo chabe choyambira mlandu. Ngakhale odwalawo akanapambana pa apilo, mlandu weniweni, wosonyeza kuti mgodi wakuti unalakwira munthu wakuti, unali usanayambe n'komwe, ndipo nawonso ukanakhala ndi maapilo ake.

Mbali ziwirizo zinapempha kuti apilo iyambe yaima, nizikhala pansi. Pa 3 Meyi 2018 makampani asanu ndi limodzi, ndiwo African Rainbow Minerals, Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anavomera kupereka ndalama pafupifupi R5 biliyoni. Bwalo linavomereza panganolo mu Julayi 2019, ndipo mu 2020 linakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loti lizilipira anthu. Panganolo likhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo kuyambira pa 12 Malichi 1965 kufikira pa 10 Disembala 2019, posayang'ana dziko limene anachokera, kotero kuti a kuno kwathu nawonso ali m'gulumo. Pa nthawi ya panganolo, wodwala silikosisi anayenera kulandira kuyambira R70,000 kufikira R250,000 malinga ndi kukula kwa nthenda, ndipo odwalitsitsa ena kufikira R500,000.

Kodi ndalama zimenezi zilingana ndi mapapo a munthu? Kutalitali. Ndiponso malipiro anayenda mochedwa m'zaka zoyamba, ndipo anthu a m'mayiko akutali, amene mapepala awo a ntchito anatayika kalekale, avutika kuti afikire ndalamazo. Zonsezi n'zoona. Komabe ine ndiganiza kuti amene anasaina panganolo anachita bwino. Munthu amene anatsika m'mgodi mu 1970 ali ndi zaka 20 anali ndi zaka 68 mu 2018, ndipo mapapo ake anali odwala. Kumuuza munthu wotere kuti adikire zaka zina khumi kuti adzalandire zochuluka, ndiko kumuuza kuti ndalama zake zidzagula mwala wa pamanda pake.

Tsopano ndiyankhe amene atsutsana nane, pakuti mfundo zawo si zopepuka. Poyamba anena kuti kumvana kunja kwa bwalo kubisa choonadi, chifukwa kampani ilipa koma kawirikawiri siivomera kuti inalakwa. Izi n'zowawa, ndivomera. Koma ngakhale pa bwalo la kumudzi, ankhoswe akamvana kuti wakuti apereke mbuzi, anthu onse adziwa tanthauzo la mbuziyo, angakhale woperekayo asanene ndi pakamwa pake kuti ndinalakwa. Palibe kampani imene itulutsa mabiliyoni chifukwa cha chifundo chokha.

Kachiwiri anena kuti aliyense akamagwirizana, lamulo silidzakula, pakuti oweruza aakulu sadzapeza mpata wolongosola mfundo zovuta. Apa ndipo pali mfundo yolimba kopambana, ndipo bambo Mankayi ndiye umboni wake. Akanaleka pa bwalo loyamba, anzake zikwizikwi sakanapeza polowera. Chifukwa chake ndisiyanitsa milandu iwiri. Ulipo mlandu wofunsa kuti, kodi lamulo litani? Umenewo uyenera kufika kumapeto, pakuti yankho lake ndi la anthu onse, obadwa ndi osabadwa. Ulipo wina wofunsa kuti, kodi ndalama zikhale zingati? Umenewo, khomo likatseguka kale, ndi bwino kuumaliza pokambirana. Ndipo zindikirani kuti makampani a migodi sanakhale pansi mu 2006, pamene odwala analibe chogwira m'manja. Anakhala pansi zitatuluka zigamulo za 2011 ndi 2016. Texaco nayo inalankhula za mabiliyoni itagonja kawiri. Chigamulo ndicho chipatsa wofooka mpando pa bwalo la zokambirana, ndipo nthawi yabwino yomvana ndi pamene mdani wako akadali ndi mantha ndi apilo imene ili kubwera. Apiloyo ikagamulidwa, mantha atha, ndipo mmodzi wa inu alibenso chifukwa chokambirana.

Kachitatu anena kuti maganizo angawa apatsa olemera chida, pakuti adzachedwetsa milandu dala kuti osauka atope n'kulandira zochepa. Chida chimenecho ali nacho kale, ine sindinawapatse. Mankhwala ake ndi akuti mabwalo azifulumira, ndi kuti wochedwetsa azilipa chiwongoladzanja chokwanira kuti kuchedwetsako kusamupindulire. Koma pamene tili kuyembekeza kuti zimenezo zikonzeke, tisauze nkhalamba yodwala kuti ikhale nsembe ya chilungamo chimene siidzachiona. Wofuna kupirira kufikira mapeto chifukwa cha anzake timulemekeze. Koma asankhe yekha, asasankhiridwe ndi loya kapena munthu wina amene mapapo ake ali bwinobwino.

Chotero munthu kapena kampani imene yaima pa mphambano yotere idzifunse mafunso anayi. Kodi ndingathe kudikira zaka zingati ndisanagwe? Kodi ndikagonja pa apilo ndidzatsala ndi chiyani? Kodi ndikapambana, wondilipayo adzakhala akadali ndi cholipira? Ndipo kodi chimene ndifuna ndi ndalama, kapena ndi mawu a lamulo amene adzathandiza ena? Mkwiyo ndi kunyada zisayankhe nawo mafunso amenewa, pakuti ambiri akana kumvana chifukwa chongoopa kuti anthu adzawayesa amantha.

Anzanga, ena mwa ife tidzakhala maloya, ena oweruza, ena owerengera chuma cha makampani, ndipo ena tidzangokhala ana ophunzira a pamudzi amene akuluakulu adzatiitana kuti tiwawerengere kalata yochokera ku bwalo ndi kuwauza maganizo athu. Tsiku limenelo tisadzayang'ane chiwerengero chachikulu cholembedwa pa pepala chokha. Tidzayang'anenso nkhope ya mwini mlandu ndi kuwerenga zaka zake. Akulu anati mlandu suwola, ndipo ananena zoona, pakuti mapepala a ku bwalo akhoza kukhala m'kabati zaka makumi awiri osasintha chilembo n'chimodzi chomwe. Koma mwini mlandu ndi munthu, ndipo iye sakhala m'kabati.

Wophunzira wa Folomu 4